Kampani yatsopano ya wrestling ikamagwa isanathe chaka: poyambira kufufuza

Dandaulo lake limakhala limodzimodzi, kaya likuchokera kwa mnyamata wa pa Nchalo amene amabwereka laputopu ya achimwene ake, kaya kwa aphunzitsi a ku Bangula amene amasewera usiku akatha kuchonga makope. Munthu wayambitsa kampani yake ya masewera ogwetsana (wrestling) mu gemu ya pa kompyuta yoyendetsa makampani otere, waipatsa dzina lokoma, walemba ntchito omenya amene amawakonda, shoo yoyamba yayenda bwino ndithu. Pofika mwezi wachinayi kapena wachisanu ndalama zatheratu, ngongole yakwera, kampani yatsekedwa. Akayambiranso amakagwa pamalo omwewo, mpaka kufika ponena kuti gemuyi imakondera makampani akuluakulu. Koma ukayang'ana mabuku ake a ndalama, pafupifupi nthawi zonse umapeza kuti mwini wakeyo amalipira mabilu a kampani yaikulu pamene m'manja ali ndi kakampani kosadziwika ngakhale m'dera lake lomwe.

Ndikukamba makamaka za Total Extreme Wrestling, imene ambiri amangoti TEW, yolembedwa ndi Adam Ryland n'kufalitsidwa ndi Grey Dog Software. Mayina a mabatani ndawatenga mu TEW 2020. TEW IX, imene inatuluka mu 2024, inasintha zina ndi zina. Amene mukadali pa Extreme Warfare Revenge, ija yaulere ya 2002, ndi inu amene mumakonza mashoo mu Wrestling Empire ya MDickie pa foni, zambiri zikukhudzani, kungoti magemu anu alibe ngodya zambiri chonchi. Mu TEW simuona munthu akuponyedwa pansi. Inu ndinu booker: mumasankha kuti ndani amenyana ndi ndani, kwa mphindi zingati, apambana ndani, kenako gemu imapereka malikisi pakati pa 0 ndi 100.

Ndalama zikungotsika mwezi ndi mwezi

Musanachotse munthu aliyense ntchito, tsegulani tsamba la zachuma muwerenge mwezi wathawu mzere ndi mzere. Ambiri amangoona nambala yofiira ya pansi, mtima n'kuthamanga, n'kutseka. Mukufuna manambala awiri basi: shoo imodzi ikudya zingati, nanga mwezi wonse kukulowa zingati.

Kampani yongoyamba kumene, yopanda mbiri, imakhala pa msinkhu wotsikitsitsa wa Insignificant. Pamwamba pake pali Tiny, Small, Medium, Big, Large ndi Titanic. Pansi pamenepo obwera kudzaonera amakhala ochepa zedi, choncho matikiti sangakudyetseni. Ndalama yodalirika ndi ya masiponsa, imene imalowa mwezi uliwonse malinga ndi kutchuka kwanu, mtundu wa wrestling imene mukuonetsa, ndiponso mmene chuma chilili m'dziko la mu gemumo. Matisheti ndi zina zogulitsa zimabweretsa kangachepe poyamba, zimadzakula mukamakweza gawo la merchandise.

Tiyerekeze motere, manambalawa ndi achitsanzo chabe. Masiponsa akupereka $2,000 pamwezi, matikiti ndi matisheti $500. Ndiye kuti muli ndi $2,500. Mwalemba omenya 20, aliyense $100 pa shoo, ndipo onse mwawapatsa ndewu chifukwa simukufuna wina akhumudwe. Ndi $2,000 imeneyo. Mwaonjezerapo mkulu wina amene anatulukapo pa TV zaka zapitazo, akufuna $900 yekha. Refu, road agent (wothandiza omenya kukonza ndewu kuseri kwa bwalo), holo ndi zolipira za ofesi, tingoti $800. Shoo imodzi yokha yakufikitsani pa $3,700, komatu mwakonza ziwiri pamwezi poti nkhani imene mwalemba ikukoma, simungadikire. Ngakhale ndewu zonse zitapeza malikisi apamwamba, dzenje limeneli silitsekeka.

Chepetsani shoo. Ola limodzi kapena ola ndi theka, ndewu 4 kapena 5, omenya pakati pa 8 ndi 12, kamodzi pamwezi. Kumbukirani kuti gemu imawerenga mitu ya anthu: ndewu ya tag team (awiri kulimbana ndi awiri) ndi malipiro a anthu anayi, ndipo battle royal ija (ndewu ya anthu ambiri oponyerana kunja kwa bwalo) mumafuna kutsegulira nayo shoo ndi malipiro a aliyense amene wakwera m'bwalo, ngakhale amene waponyedwa kunja mphindi yoyamba. Manijala woima pambali pa bwalo nayenso amalandira. Ngati salankhula bwino kuposa womenya amene akumuperekezayo, akudya ndalama yaulere.

Kenako onani makontrakiti. Kampani yaing'ono izigwira ndi mapangano a handshake, olipira pa shoo iliyonse. Munthu akapanda kutuluka usiku umenewo salandira kanthu. Malipiro a pamwezi akaneni, ndipo chenjerani ndi downside, ndalama imene munthu amatenga ngakhale mutamusiya kunyumba mwezi wonse. Pokambirana, otchuka amaiika mwakachetechete pakati pa zofuna zawo, ndiye munthu wothamangira kudina batani lovomera saiona.

Ndiye pali nkhani ya maulendo, imene imapha makampani ambiri mosaonekera. Womenya amene amakhala kutali ndi dera lanu amafuna kuti mumulipirire mayendedwe. Aliyense amene anayesapo kukonza dansi pa Nsanje Boma akudziwa mmene zimakhalira ukaitana woimba wa ku Lilongwe: mafuta otsika nawo phiri la ku Thabwa, kuwoloka pa Kamuzu Bridge mpaka kumunsi kuno, ndi obwerera, kuphatikiza malo ogona a gulu lake lonse, zimatha ndalama ya pakhomo woimbayo asanagwire n'komwe maikolofoni. Mu gemu n'chimodzimodzi. Posaka omenya, sefani ndi dera limene amakhala, mutenge a pafupi. Pano ndinenenso kuti mapu a TEW 2020 ali ndi USA, Canada, Mexico, British Isles, Japan, Europe, Oceania ndi India. Africa mulibe. Kampani mutha kuitcha dzina la Chiromo kapena la Makhanga ngati mtima ukufuna, koma likulu lake liyenera kukhala m'limodzi mwa madera amenewa, ndipo kumeneko n'kumene muzisakira anthu.

Zina zodula zimabisala m'masamba amene anthu satsegula kawirikawiri. M'malamulo a kuseri kwa bwalo muli chakudya cha omenya, wosisita minofu, malo ogona. Zonsezi zimasangalatsa anyamata koma zimalipidwa shoo iliyonse. Zimitsani kaye. Makamera, nyimbo ndi zokongoletsa holo ziikeni pa mlingo wotsikitsitsa, palibe akukuonerani pa kanema panopa. Ine olengeza ndewu sindiwalemba ntchito shoo isanayambe kuulutsidwa. Road agent ndiye musamusiye, koma womenya wachikulire wodziwa psychology ya m'bwalo (luso lopangitsa ndewu kukhala ndi mutu) atha kugwira ntchito imeneyi. Holo sankhani yolingana ndi anthu amene gemu ikuyembekezera kuti abwera.

Mbiri yeniyeni ili ndi munthu amene anachita zonse zoletsedwazi. Herb Abrams anayambitsa kampani ya UWF ku America mu 1990, n'kusonkhanitsa mayina odziwika, ndipo mu 1994 anabwereka bwalo la MGM Grand ku Las Vegas, lolowa anthu masauzande ambirimbiri. Anabwera anthu mazana ochepa chabe. Ena amandiuza za kampani ya AEW, kuti bwanji iyo inayamba ndi akatswiri okhaokha. Inde, inayamba mu January 2019, pofika October inali kale pa wailesi ya kanema ya TNT, koma Tony Khan ndi mwana wa Shahid Khan, mwini wa matimu a Fulham ndi Jacksonville Jaguars. Ngati mukufuna masewera otero, dzipatseni mamiliyoni mu editor (gawo losinthira manambala a mu gemu), palibe angakuletseni, koma limenelo ndi vuto lina. Chitsanzo cha ife oyamba ndi thumba lopepuka ndi kampani ya Ring of Honor, imene inayamba mu February 2002 mu kaholo ka Murphy Recreation Center ku Philadelphia, ndi Low Ki, Christopher Daniels ndi Bryan Danielson pa ndewu yaikulu. Panthawiyo anyamatawa anali asanakhale mayina a pa TV. Kampaniyo inkabwerera ku holo yomweyo, n'kumagulitsa matepi.

Mwalemba katswiri koma malikisi a shoo ndi otsika

Choyamba, kutchuka mu TEW kumawerengedwa dera ndi dera. Munthu amene amadzaza mabwalo ku Japan atha kukhala mlendo weniweni m'chigawo chanu cha ku America. Dinani pa dzina lake muone nambala ya dera limene mukuchitira mashoo, musatengeke ndi nambala yake yaikulu ya kwina. Mtengo wake ndiye amautchula potengera kutchuka kwake, ndiye mumalipira dzina limene oonera anu sakulidziwa.

Chachiwiri ndi product, kutanthauza mtundu wa wrestling ya kampani yanu, imene munasankha tsiku loyamba, mwina mosawerenga. Ma product ena amapima ndewu potengera kutchuka kwa omenya, ena potengera luso lawo m'bwalo. Tonse tinakulira ku mavidiyo shoo tikuonera John Cena ndi Undertaker, ndiye dzanja limathamangira kusankha mtundu wa WWE. Koma mtundu umenewo umafuna mayina, ndipo mayina mulibe. Kampani yatsopano imapindula ndi product yotsamira pa luso, chifukwa achinyamata aluso osadziwika ndi otchipa. Ya magazi, ya matebulo ndi waya waminga, imakoka maso koma imathawitsa masiponsa n'kuchulukitsa ovulala. Werengani malongosoledwe a product yanu mpaka kumapeto, pamenepo amanena kuti oonera akufuna ndewu zochuluka bwanji poyerekeza ndi ma angle (zochitika zosakhala ndewu, monga kulankhula kapena kuputana), ndiponso mitundu ya ndewu imene sangailandire.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chimasiyanitsa osewera: gemu imakuuzani chimene chalakwika, kungoti anthu sawerenga. Ndewu ikatha, pansi pa malikisi pamabwera ndemanga za road agent. Musadine batani lopitira kutsogolo msanga. Akanena kuti uje amaoneka wotopa chakumapeto, ndiye kuti mwamupatsa mphindi zoposa stamina yake, ndewu yotsatira muifupikitse. Akadandaula kuti ndewu inalibe mutu, onse awiri ali ndi psychology yochepa. Ikani Scripted kuti atsatire zolembedwa, kapena mnyamatayo mumuphatikize ndi wachikulire. Call In The Ring, yoti omenya azidzikonzera okha ndewu ali m'bwalo, isiyireni amene anakhwima kale. Akanena kuti awiriwa sagwirizana m'bwalo, lembani m'kope musadzawakumanitsenso, ngakhale nkhani yawo ikukoma bwanji. Akanena kuti amagwirizana kwambiri, mwatola ndalama panjira: awiri amenewo atha kukunyamulirani shoo kwa miyezi, bola musawabwereze mwezi uliwonse mpaka anthu atope nawo. Kope limeneli ndi lofunika kwambiri, chifukwa chemistry (kugwirizana kumeneku) imasintha mukayamba gemu yatsopano, zimene mnzanu wa ku Ngabu anapeza mu sevu yake (gemu imene anaisunga) sizigwira mu yanu.

Kandandalikidwe ka ndewu nakonso kali ndi mbali yake. Ndewu yomaliza imalemera kwambiri pa malikisi a shoo yonse, choncho omenya anu awiri abwino kwambiri akhale pamenepo, ngakhale mmodzi alibe lamba. Anyamata amene oonera amawaona ngati Unimportant (osafunika) musawapatse ndewu yaitali, anthu amayamba kuyasamula. Ndipo musaike Steal The Show, yoti omenya adzipereke kotheratu, pa ndewu zotsatizana. Oonera akakuwa kwambiri pakati pa shoo amafika pa ndewu yaikulu atatheratu. Pakati pake ikanipo kandewu kofatsa ka Calm The Crowd.

Ma angle ndi njira yotchipa yokwezera malikisi ngati mwaika munthu pa chimene amatha. Wodziwa kulankhula apimidwe pa Microphone. Chimphona chosadziwa kutsegula pakamwa chisalankhule n'komwe, chingotuluka, chimenye wina, chipimidwe pa Menace (kuopsa kwa maonekedwe). Mu TEW 2020 chimphona chotero, ngakhale ndewu zake zili zosaoneka bwino, chimatha kutchuka msanga ndi njira imeneyi, kenako n'kudzagonja kwa mnyamata amene mukufuna kumukweza.

Mashoo ndi abwino koma kampani siikutchuka

Kutchuka kumakwera malikisi a shoo akaposa kutchuka kumene kampani ili nako kale m'dera limenelo. Poyambira pansi zimenezi n'zosavuta, vuto ndi kumwazika. Munthu amachita shoo chigawo chino mwezi uno, wamawa chigawo china, akuti akufalitsa dzina. Mapeto ake ali ndi pang'onopang'ono paliponse, palibe pamene pakukwanira kumukweza msinkhu. Khalani chigawo chimodzi mpaka mutakwera, ndipo tsamba la msinkhu wa kampani limasonyeza nambala imene mukufunika kufika.

Matikiti otchipa amabweretsa anthu ambiri n'kufulumizitsa kutchuka. Popeza ndalama ya pakhomo ndi yochepa kale, zimene mukutaya potsitsa mtengo n'zazing'ono, ndipo kutchuka kukakwera masiponsa nawo amakweza. Mudzabwezere mtengo wake anthu akachuluka. Onaninso ngati m'chigawo chanu muli makampani ena ang'onoang'ono, chifukwa gemu imawapikisanitsa potengera mashoo awo, ndipo wotsalira amavulala. Ngati chigawo chadzaza ndi makampani okhala ndi omenya oposa anu, ndi bwino kuyambira kwina kopanda phokoso.

Mukangomukweza munthu, kampani yaikulu ikumutenga

Ili silitha, ndipo silikutanthauza kuti mwalakwitsa. Pangano la handshake silimanga munthu, ndiye kampani yaikulu ikabwera ndi kontrakiti ya exclusive written, yomuletsa kugwira kwina, amapita basi. Musayese kupikisana nawo pa ndalama. Chimene mungachite ndi kusaika kampani yonse pamutu pa munthu mmodzi: pamwamba pakhale anthu atatu kapena anayi amene aliyense angatenge lamba mawa anthu osadabwa. Uthenga ukangofika kuti ngwazi yanu yasainira kwina, onani masiku amene atsala, shoo yotsatira agonje kwa amene mukufuna kuti alowe m'malo mwake. Kutchuka kwake kwina kumatsalira kwa wopambanayo. Makampani enieni anaphunzira zimenezi mowawa: mu December 1995 Madusa, womenya wamkazi amene anachoka ku WWF (WWE ya lero), anatuluka pa Nitro, pulogalamu ya pa TV ya kampani yopikisana nayo ya WCW, atanyamula lamba wa amayi wa WWF, n'kumuponya m'bini anthu akuona.

Pali kavuto kena kofanana nako: tsiku la shoo lafika, womenya wanu palibe chifukwa kampani yokulirapo imene amagwirakonso ili ndi shoo usiku womwewo. Onani kalendala ya makampani amene mumagawana nawo anthu, shoo yanu muiike tsiku limene iwo sachita kanthu, ngakhale likhale Lachiwiri. Ndipo amene watchuka n'kubwera kudzapempha kuti mumukwezere malipiro, muwerengereni monga munachitira poyamba paja. Ngati mtengo wake watsopano ukudya malipiro a anthu atatu, agonje bwinobwino kenako mutsanzikane.

Za mikangano ya kuseri kwa bwalo sinditaya nthawi. Musanalembe munthu, werengani khalidwe lake. Wovuta mmodzi pakati pa anthu 12 amaononga mtima wa onse, ndipo pa msinkhu umenewu palibe womenya waluso loti mpaka mupirire naye.

Sevu yaonongeka kapena gemu yaima pakati pa tsiku

Vuto ili ndi lathu la kuchigwa cha Shire kuno. TEW ndi gemu ya Windows yosafuna kompyuta yamphamvu, koma ikamadutsa kuchoka tsiku lina kupita linzake imalemba zinthu zambiri mu database. Magetsi akazima nthawi imeneyo, kapena laputopu ikazima yokha ndi kutentha kwa mu October ndi November, sevu itha kuonongeka osatsegukanso. Ngati batire yanu inafa kale ndipo laputopu imadalira chingwe, koperani foda ya sevu mu fulashi nthawi iliyonse mukatha shoo. Musaiike laputopu pa matilesi kapena pa mkeka pamene mpweya sungalowe pansi, ikwezeni pa timatabwa tiwiri. Amene mumagwiritsa ntchito sola, masiku ambirimbiri musamawadutse batire ya nyumba ili pafupi kutha. Gemu ikamachedwa kwambiri kudutsa tsiku, nthawi zambiri ndi mod (database yokonzedwa ndi osewera anzathu) yokhala ndi omenya masauzande. Poyamba gemu yatsopano zimitsani maiko amene simukuwafuna, kapena sewerani CornellVerse, dziko longopeka limene limabwera ndi gemu.

Zinayamba kuyenda, kenako mwagwa mutangokula

Kugwa kwachiwiri kumabwera pamene munthu wayamba kupuma. Kampani ikakwera msinkhu zolipira za mwezi zimakwera nazo, omenya amatchula mitengo ina, ndipo apa ndi pamene wailesi ya kanema imayamba kukuyankhani. Mtima umafuna kusaina tsiku lomwelo. Koma shoo ya sabata iliyonse ndi malipiro a omenya kanayi pamwezi m'malo mwa kamodzi, olengeza ndewu, makamera a mlingo umene wailesiyo ikufuna, ndiponso nkhani zokwanira kudzaza masabata onsewo popanda kubwereza ndewu zomwezomwezo. Kampani ya ECW ya Paul Heyman inalowa pa wailesi ya kanema ya TNN mu August 1999, oonera akuikonda kwambiri, koma pofika October 2000 inachotsedwa, omenya ena ali ndi malipiro osalandira, ndipo mu April 2001 inalengezedwa kuti yagwa ndi ngongole. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake WCW, imene inali ndi ndalama za kampani yaikulu kumbuyo kwake, inali itagulidwa ndi WWF.

Musanasaine, tengani ndalama imene shoo yanu yapitayi inadya, muichulukitse ndi chiwerengero cha mashoo amene pangano likufuna pamwezi, muonjezere makamera ndi olengeza, kenako muyerekeze ndi zolowa zanu kuphatikizapo zimene wailesi ikulonjeza. Mu banki mukhale ndalama yokwanira kulipira miyezi 6 ya bajeti yatsopanoyo ngakhale patapanda kulowa kanthu. Onaninso malikisi ochepetsetsa amene wailesiyo ikufuna: ngati mashoo anu atatu apitawa sanawadutse ndi mpata wabwino, adzakudulani pakati pa pangano mutalemba kale anthu owonjezera. Zikatero kanani, pitirizani ndi shoo ya kamodzi pamwezi, muonjezere yachiwiri pokhapokha yoyambayo ikamatsala ndi phindu miyezi itatu yotsatizana, kenako mudzafunsenso wailesiyo.